Tinjira toyenda pansi ta ku Cape Maclear: tophweka ndi titi, ndipo wotsogolera alendo amafunika pati

Anthu ambiri akafika ku Cape Maclear maso awo amathera panyanja. Amasambira, amakwera boti kupita ku chilumba cha Thumbi, amadya chambo, n'kubwerera kwawo osaponda n'komwe mapiri omwe ali kumbuyo kwa mudzi wa Chembe. Komatu m'mapiri amenewa ndi m'mphepete mwa gombe muli tinjira tomwe munthu wosazolowera kukwera Mulanje kapena Zomba angathe kuyenda m'mawa umodzi, n'kubwerako nsima ya masana isanapse. Ndemanga ino ikunena za tinjira timeneti, za paki yomwe imatiyang'anira, ndi za otsogolera alendo omwe amaperekeza anthu kumeneko. Maganizo athu ndi akuti tinjirati ndi toyenera ndalama ndi nthawi yanu, koma kuphweka kwake kumadalira ola lomwe mwanyamuka ndi mwezi womwe mwabwera. Mtunda wake ndi waufupi. Chomwe chimagonjetsa anthu ndi dzuwa ndi miyala.

Malo onsewa ali m'dera la Mfumu Yaikulu Nankumba m'boma la Mangochi, mkati mwa Lake Malawi National Park. Pakiyi inakhazikitsidwa mu 1980, ndipo mu 1984 bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika kutetezedwa pa dziko lonse, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tamawangamawanga tokhala m'miyala. Kukula kwake ndi pafupifupi masikweya kilomita 94, ndipo gawo lalikulu ndi mtunda: mapiri a miyala, nkhalango ndi zilumba. Madzi otetezedwa ndi a mamita 100 okha kuchokera pagombe la pakiyo. Imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za mapaki ndi nyama zakutchire. Chosiyanitsa pakiyi ndi ya Liwonde kapena ya Kasungu n'chakuti midzi ina ili mkati mwake, monga Chembe, Msaka, Mvunguti ndi Zambo. N'chifukwa chake poyenda mumakumana ndi amayi atasenza mitolo ya nkhuni, asodzi akupita kumudzi wina, ana akuthamangitsa mbuzi. Tinjira tambiri sitinalambulidwire alendo ayi. Ndi njira zomwe eni dera akhala akudutsamo kuyambira kale, ndipo ubwino wake ndi vuto lake zonse zimachokera pamenepo.

Kufikako n'kosavuta. Mukachoka ku Mangochi pa msewu wopita ku Monkey Bay, mumapatukira kumanzere mutatsala pang'ono kulowa m'tauniyo, ndipo kuchoka pamphambano kukafika ku Chembe ndi makilomita pafupifupi 18 odutsa pakati pa mapiri. Ochokera ku Lilongwe ambiri amadzera ku Dedza n'kutsetsereka ku Golomoti. Pamphambano pamakhala njinga zamoto za kabaza ndi galimoto za matola. Ndalama zolipirira pachipata ndi za wotsogolera tengeranitu ku Mangochi kapena ku Monkey Bay. Ma ajenti otumiza ndi kulandira ndalama za pafoni m'mudzimo alipo, koma si nzeru kudalira kuti mukatapa zochuluka m'mawa wa tsiku loyenda.

Tiyambe ndi njira ya ku Otter Point, chifukwa ndi imene tinganene mosakayika kuti aliyense woyenda bwinobwino angaikwanitse. Mukaima pagombe la Chembe n'kuyang'ana kunyanja, Otter Point ili kudzanja lamanzere, kumapeto kwenikweni. Mumatsata gombe kapena msewu wa m'mudzi mpaka pachipata cha paki, kulipira, n'kudutsa ku Golden Sands, gombe la mchenga la mkati mwa pakiyo. Amalawi amalipira ndalama yochepa poyerekeza ndi alendo akunja, choncho tengani chiphaso chanu cha unzika. Funsani mtengo pachipata pomwepo ndipo landirani lisiti, muisunge mpaka mutatuluka. Kuchoka pachipata kukafika kumiyala ya ku Otter Point ndi ulendo wa mphindi 20 mpaka 30 poyenda mosathamanga. Chigawo choyamba ndi chathyathyathya, chamchenga, chamthunzi wa mitengo. Chigawo chotsiriza ndi cha miyala ikuluikulu yobulungira, ndipo pena pamafunika kugwira ndi manja.

Ngozi zambiri za njirayi zimachitikira pamiyala imeneyi, ndipo zifukwa zake n'zodziwika. Mwala wouma umagwira nsapato bwino kwambiri, mpaka munthu amayamba kudzidalira. Koma pomwe mafunde amafika pamamera ndere zopyapyala, zomwe mbuna zimadya, ndipo ndere zonyowa zimaterera koopsa. Mwala ukaoneka wakuda kapena wobiriwira pafupi ndi madzi, musaupondepo mutaimirira. Khalani pansi, tsitsani mapazi, mulowe m'madzi chokhala. Chachiwiri ndi mchenga womwe umamatirira kunsi kwa nsapato mukachoka pagombe. Timiyala ta mchenga timagubuduka pakati pa nsapato ndi thanthwe, phazi n'kuchoka mwadzidzidzi. Gogodani nsapato musanakwere mwala. Chachitatu ndi mapatapata. Anthu amawavala poganiza kuti akupita kukasambira, koma kachingwe kake kamaduka phazi likapotoka pakati pa miyala, ndipo kubwerera opanda nsapato pa thanthwe lomwe lawombedwa ndi dzuwa la masana kumatulutsa matuza. Valani nsapato zotseka zamphira kunsi, mapatapata akhale m'chikwama.

Mphoto yake ndi yaikulu kuposa thukuta lomwe mwakhetsa. Madzi a pamenepa ndi oyera moti mbuna zimaoneka munthu ali chiimire pamwala: zabuluu, zachikasu, zamizeremizere, iliyonse ikuteteza kamwala kake. Mukakhala ndi galasi loonera pansi pa madzi, lomwe malo ambiri ogona amabwereketsa, mungathe kutha ola lathunthu osatopa. Nkhwazi zimakhala m'mitengo ya pamwamba pa miyala ndipo kulira kwake kumamveka kutali. Ng'azi zimaothera dzuwa m'mawa, mbira za m'miyala zimasuzumira m'ming'alu. Akatumbu, omwe anapatsa malowa dzina (katumbu m'Chingerezi ndi otter), alipo koma ndi amanyazi. Mwayi wowaona uli mbandakucha kapena dzuwa likamalowa, pamalo pakakhala bata. Wotsogolera amene angakulonjezeni kuti muwaona ndithu, akukulonjezani chinthu chomwe sichili m'manja mwake.

Pa njira iyi wotsogolera safunika kwenikweni. Simungasochere, chifukwa nyanja imakhala kudzanja limodzi ulendo wonse. Ngati muli ndi ana aang'ono kapena agogo, imani pomwe mchenga wathera, pamthunzi, osakakamira miyala.

Mawu awiri okhudza anyani, chifukwa ku Golden Sands ndi kwawo. Anyani a pamenepa anazolowera anthu ndipo amadziwa kuti jumbo ya pulasitiki imakhala ndi chakudya. Akaona jumbo m'manja amabwera, ndipo amalimba mtima kwambiri kwa ana ndi kwa munthu amene ali yekha. Ikani chakudya m'chikwama chotseka cha kumsana. Nyani akakwatula chinthu musalimbane naye, mano ake ndi aatali ndipo bala lake limafuna chipatala. Kuwaponyera nthochi kuti muwajambule ndi komwe kunayambitsa khalidwe limeneli, ndipo amene amavutika nalo pambuyo pake ndi amayi a m'mudzi omwe amawaonongera minda ndi kuwabera chakudya.

Ku Golden Sands komweko kuli kanyumba kosungirako zinthu zakale ndi zophunzitsa za chilengedwe. Ndi kakang'ono, mphindi 20 zimakwana, koma kamathandiza ana asukulu kumvetsa chifukwa chake nsomba za m'nyanja ino zili za mitundu mazanamazana. Pamalo omwewa m'pomwe panali hotela yomwe inkalandira alendo obwera pa ndege zotera pamadzi za kampani ya BOAC cha mu 1949, pa ulendo wa pakati pa England ndi Johannesburg. Pafupi pali mlambe waukulu wakalekale womwe otsogolera amakonda kuimikapo alendo. Mbiri ngati imeneyi ikanayenera kulembedwa pa zikwangwani zooneka bwino, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, chifukwa munthu woyenda yekha amangodutsa osadziwa kuti waponda pati.

Njira yachiwiri ndi yaifupi kwambiri, ya ku manda a amishoni, ndipo mungaiphatikize ndi ya ku Otter Point m'mawa umodzi. Mandawa ali m'tsinde mwa phiri, kufupi ndi chipata cha paki, kungopatuka pang'ono kuchoka pamsewu. Apa ndi pomwe mishoni ya Livingstonia inayambira mu Okutobala 1875, pamene gulu lotsogozedwa ndi E. D. Young, momwe munalinso Dr Robert Laws, linafika pa sitima ya nthunzi yotchedwa Ilala. Dzina lakuti Cape Maclear linali litaperekedwa kale ndi David Livingstone polemekeza bwenzi lake Thomas Maclear, katswiri wa nyenyezi wa ku Cape Town. Amishoniwo anasankha malowa chifukwa cha dooko lake labata, koma malungo anawasautsa. Dr William Black anamwalira mu 1877, ndipo mmodzi mwa ogona pamenepa ndi Shadrach Ngunana, mlaliki wachikuda wochokera ku sukulu ya mishoni ya Lovedale ku South Africa. Pofika 1881 manda anali asanu pomwe wobatizidwa anali mmodzi, Albert Namalambe, ndipo mishoni inasamukira ku Bandawe, kenako ku Khondowe mu 1894. Akhristu a CCAP, makamaka a sinodi ya Livingstonia, ali ndi chifukwa chokwanira chofikira pamenepa. Malowo ndi osadzionetsera, ndipo popanda wofotokoza mumangoona miyala ndi maina. Wotsogolera wabwino mumamudziwira apa: mufunseni kuti Ngunana anali yani ndipo mishoni inachokeranji pano. Akayankha zomveka, ndiye kuti ntchito yake anaiphunzira.

Kumbuyo kwa manda amenewa kumayambira njira yachitatu, yokwera kumalo oonera nyanja pamwamba pa mudzi. Otsatsa maulendo ena amaiwerengera pa njira zophweka. Ife tikuti ndi yapakatikati. Kukwera kumatenga ola limodzi mpaka ola ndi theka kwa munthu wamphamvu zake, ndipo kutsika kumatenga pafupifupi nthawi yomweyo ngati mukusamala mawondo. Nyanja ili pa mamita pafupifupi 474 kuchokera pa mulingo wa nyanja yamchere, pomwe nsonga zazitali za m'pakimu, monga Nkhunguni, zimapitirira mamita 1,000. Sikofunika kukafika pansonga. Pakati pa ulendo pali matanthwe oonekera pomwe mudzi wonse wa Chembe umayalika pansi panu, chilumba cha Thumbi chili patsogolo, cha Domwe kudzanja lamanja, cha Mumbo patali, ndipo kukakhala kopanda nkhungu mapiri a tsidya la ku Dedza ndi Salima amaoneka. Kwa ambiri pamenepa m'pokwanira kubwererapo.

Nkhalango yake ndi ya mitengo ya mombo ndi mtondo pamwamba, milambe ndi mikuyu m'munsi, ndi misetanyani yoyera makungwa yomwe imamera pakati pa miyala. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mitengo yambiri imakhala itayoyola masamba, ndiye musayembekeze mthunzi. Masamba ouma omwewo amaphimba timiyala tosakhazikika, ndipo potsika ndi pomwe anthu amabinya akakolo. Tsikani chammbali, mapazi afupiafupi, ndodo ili kudzanja la kumtunda. Ndodo ya nsungwi yofika m'chifuwa ndi yokwanira, koma bwerani nayo kuchokera kumudzi chifukwa kudula mtengo wauwisi m'paki n'koletsedwa.

Apa wotsogolera ndi wofunika, ndipo chifukwa chake ndi nkhuni. Anthu a m'midzi ya m'pakiyi amaloledwa kutola nkhuni zouma motsata chilolezo, ndiye phiri lonse ladzaza tinjira ta otola nkhuni. Tinjira timeneti nthawi zambiri timaoneka topondedwa kuposa njira yeniyeni, koma timakathera pa mtengo wakugwa kapena pachigwembe. Pokwera vuto silioneka chifukwa kulikonse kokwera kumaoneka kolondola. Limaoneka potsika, munthu akatsata kanjira kolakwika n'kupezeka pamwamba pa thanthwe lotsetsereka, mudzi akuuona pansipo koma njira yotsikira palibe. Zikatero musayese kudumpha kapena kutsetsereka chokhala. Bwererani mmbuyo mpaka pomwe munali otsimikiza. Zizindikiro za njira m'phirimu ndi zochepa ndipo sizodalirika, ndipo ichi ndi chofooka chachikulu cha malo onsewa. Utoto pang'ono pamiyala ndi zikwangwani pamphambano zitatu kapena zinayi zikanasintha zinthu kwambiri, pa ndalama yochepa.

Chinanso chomwe wotsogolera amakupulumutsani nacho ndi chitedze. Chimayanga m'tchire la m'mbali mwa njira, ndipo nyemba zake zikauma, kuyambira cha mu Meyi kupita mtsogolo, ubweya wake umauluka ngakhale ndi kamphepo kapena mukangogwedeza nthambi. Mwana wa m'tauni sachidziwa, amachiona ngati nyemba zokongola zaubweya n'kufuna kuchigwira. Chikakugwerani musakande, chifukwa kukanda kumalowetsa ubweyawo m'khungu. Vulani chovalacho, chotsani ubweya ndi selotepi ngati muli nayo kapena popaka dothi lonyowa n'kulisiya liume, kenako sambani ndi sopo. Buluku lalitali ndi malaya a manja aatali opepuka zimathandizanso ku nkhupakupa ndi ku udzu wobaya wa m'miyezi ya Epulo ndi Meyi. Njoka zilipo monga m'tchire lililonse. Zambiri zimathawa zikamva mapazi, kupatula mphiri yomwe imangogona panjira, choncho yang'anani poponda ndipo musalowetse dzanja m'mng'alu womwe simukuona mkati mwake.

Tsopano nkhani ya dzuwa, yomwe ndi yaikulu kuposa zonse tanenazi. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kwa kunyanja kumafika madigiri 35 ngakhale kupitirira, ndipo miyala imasunga kutenthako n'kumakubwezerani kumaso. Njira yomwe mu Juni mwana wa zaka 10 amaikwera akuimba, mu Okutobala nthawi ya 11 koloko ingagwetse bambo wamphamvu. M'chilimwe kumacha cha m'ma 5 koloko. Nyamukani nthawi yomweyo kuti pofika 9 koloko mukhale mukutsika. M'miyezi yozizira, Meyi mpaka Ogasiti, kumacha cha m'ma 6 ndipo mungayende mpaka 11 popanda vuto. Imeneyi ndiyo nyengo yabwino koposa, makamaka Meyi ndi Juni pomwe tchire likadali lobiriwira ndipo mlengalenga mulibe utsi wa moto wolusa. Kuyenda madzulo kuli ndi msampha wake: dzuwa limalowa isanakwane 5 koloko ndi theka m'miyezi ya Meyi ndi Juni, ndi itangopitirira 6 koloko m'dzinja, ndipo mdima umagwa msanga. Amene akwera kukaonera kulowa kwa dzuwa pamwamba amatsika mumdima, pa njira yomwe ndi yovuta ngakhale masana. Ngati mwasankha kutero, aliyense akhale ndi tochi yakeyake, osadalira ya pafoni.

Madzi akumwa werengerani theka la lita pa ola lililonse loyenda m'nyengo yozizira, ndi pafupifupi lita imodzi pa ola m'chilimwe. Ulendo wa kuphiri wa maola atatu ukufuna malita awiri kapena atatu pa munthu aliyense, ndipo m'phirimo mulibe kasupe woti mudalire. Wotsogolera naye amamva ludzu. Ambiri amanyamuka chimanjamanja, ndiye muwerengereni botolo lake. Tengani paketi imodzi kapena awiri a Thanzi ORS. Akasowa, sungunulani masupuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi abwino. Zizindikiro zoti munthu watenthedwa ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kukokana kwa minofu. Mukhazikeni pamthunzi, mumasuleni zovala, mumuthire madzi m'mutu ndi m'khosi, amwe pang'onopang'ono. Akayamba kulankhula zosamveka kapena kusokonezeka, imeneyo ndi ngozi yofuna chipatala msanga. M'mudzi wa Chembe muli chipatala chaching'ono cha Billy Riordan Memorial Clinic, ndipo chokulirapo chili ku Monkey Bay.

M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, phiri limakongola koma miyala imanyowa, udzu umatalika kuposa munthu, ndipo mvula ya mabingu imabwera masana mosachenjeza. Musakhale pa thanthwe loonekera mphenzi zikayamba. M'miyezi imeneyi khalani ku njira za m'munsi.

Njira ya m'gombe la mudzi wa Chembe ndi yaulere ndipo anthu amainyoza, chonsecho ndi imene imaonetsa moyo wa kunyanja. Kuchoka kumapeto amodzi kukafika kwina ndi pafupifupi ola. Nyamukani m'mamawa pomwe asodzi a usipa akubwerera kuchokera kokawedza ndi nyali usiku. Mudzaona maboti ndi mabwato akukocheza, ogula atazungulira ndi mabeseni, usipa ukuyanikidwa pa mathandala, amuna akusoka chilimila pamchenga, amisiri akukhoma matabwa a boti. Mwezi ukakhala wowala usipa umachepa chifukwa kuwala kwa nyali sikukopa nsomba, ndiye pagombe pamakhala zii. Masiku a mdima ndi omwe pamakhala piringupiringu. Yendani pa mchenga wonyowa wa m'mphepete mwa madzi, ndi wolimba. Mchenga wouma umatopetsa akatumba msanga. Musadumphe ukonde woyalidwa, zungulirani. Pomwe amayi akuchapa kapena kusamba, patukirani kumtunda. Moni ndi wofunika: "Mwadzuka bwanji, amayi", "Zikomo, bambo, tidutse nawo", ndipo musajambule munthu musanapemphe. Zaka zomwe nyanja yakwera kwambiri, monga mu 2024, mchenga umamira malo ena ndipo mumakakamizika kulowa m'tinjira ta pakati pa nyumba, zomwe sizovuta bola mwapempha njira.

Chosasangalatsa pa gombeli ndi zinyalala za pulasitiki, makamaka m'makhwawa omwe amatsira m'nyanja. China ndi likodzo. Madzi osaya a kutsogolo kwa mudzi, makamaka pomwe pali bango ndi udzu, ndi omwe amakhala ndi nkhono zofalitsa matendawa, ndipo dera la Cape Maclear limadziwika nawo. Kumiyala komwe mafunde amawomba chiopsezo chimachepa koma sichitheratu. Ngati mwalowa m'madzi, kaonaneni ndi achipatala pakatha masabata asanu ndi limodzi mpaka asanu ndi atatu kuti akuyezeni kapena akupatseni mankhwala a praziquantel, omwe amawapereka molingana ndi kulemera kwa thupi. Kumwa mankhwalawa tsiku lomwe mwachoka kunyanja sikuthandiza, chifukwa sagwira bwino tizilombo tikadali tating'ono.

Mwalawamphini suli pa njira yoyenda pansi kwenikweni, uli m'mbali mwa msewu wolowera ku Chembe. Ndi chimwala chachikulu chokhala ndi mizere yakuya ngati chatemedwa mphini, ndipo chili m'gulu la malo otetezedwa ndi boma ngati chuma cha fuko. Akatswiri a miyala amati mizereyo inabwera ndi kusweka ndi kuperepeseka kwa mwalawo m'zaka zochuluka, pomwe anthu ena a m'derali amaulemekeza ngati malo a mizimu. Kuyenda pansi kuchokera kumudzi n'kotheka m'mamawa, koma msewu ulibe mthunzi ndipo njinga zamoto zimathamanga m'makona. Chanzeru ndi kuimapo pobwera kapena pobwerera. Mphindi 15 zimakwana. Musagobe mwalawo kapena kulembapo dzina.

Za ku Msaka tinene mwachidule. Ndi mudzi wa asodzi kuseri kwa mapiri a kumbuyo kwa Otter Point, ndipo njira yake imadutsa pachitunda. Werengerani maola awiri kapena kuposerapo kupita kokha. Njira yabwino yochitira ulendowu ndi kupita pansi m'mawa n'kubwerera pa boti, koma panganani ndi mwini boti dzulo lake, ndipo kumbukirani mwera. Mphepo imeneyi imaomba kuchokera kumwera m'miyezi yozizira, imatha kukula mwadzidzidzi, ndipo mwini boti wanzeru amakana kunyamuka. Akakana, mumvereni. Funsani majekete oyandamitsa musanakwere, aliyense yake, ana omwe. Ulendo wochoka ku Chembe kukafika ku Monkey Bay kudzera m'mapiri, womwe otsogolera ena amatsatsa, ndi wa tsiku lathunthu ndipo suli m'gulu la njira zophweka ngakhale pang'ono. Chimodzimodzi kukwera pamwamba pa chilumba cha Domwe, chomwe chinalekana ndi mtunda pa kampata kopapatiza ka Ilala Gap: ndi chitunda chenicheni. Tinjira ta pa chilumba cha Mumbo ndi tatifupi ndi tokoma, koma chilumbacho chili makilomita pafupifupi 10 kuchokera pagombe ndipo kufikako kumadya ndalama zambiri kuposa zomwe banja wamba lingakonzere.

Otsogolera alendo a ku Chembe ali ndi bungwe lawo, ndipo malo ogona ambiri amagwira ntchito ndi otsogolera odziwika. Kudzera kumeneko n'kwabwino kuposa kungogwirizana ndi aliyense amene wakupezani pagombe, chifukwa pakachitika vuto pali kokadandaula. Ambiri mwa iwo anabadwira pomwepo, phiri amalidziwa kuyambira ali ana, ndipo pa nkhani ya njira, mitengo ya mankhwala, mphepo ndi nsomba, nzeru zawo ndi zakuya. Pomwe amasiyana ndi pa mbiri yakale ndi pa chisamaliro. Ena amayenda mothamanga n'kusiya ofooka mmbuyo, poti anazolowera alendo achinyamata akunja. Muuzeni poyamba kuti, "Achimwene, tili ndi amayi akuluakulu, tiyenda pang'onopang'ono ndipo tizipuma pafupipafupi." Wabwino amasintha mayendedwe nthawi yomweyo ndipo amaika woyenda pang'onopang'ono patsogolo. Ochepa okha ndi amene amanyamula bandeji kapena mankhwala a mabala, ndiye tengani zanu: bandeji yotanuka imodzi, mapulasitala, mankhwala otsukira bala ndi panado.

Mikangano ya ndalama imayamba chifukwa cha zinthu zitatu zomwe anthu safunsa asananyamuke. Kodi mtengowo ndi wa munthu mmodzi kapena wa gulu lonse? Kodi ndalama ya pachipata cha paki ili momwemo kapena ndi yapadera? Kodi boti lobwerera ndi chakudya zawerengeredwa? Gwirizanani zonsezi dzulo lake, pamaso pa wa pamalo ogona, ndipo lipirani gawo lalikulu mukabwerako. Kupereka kachigawo koyamba n'koyenera pokhapokha ngati pakufunika mafuta a boti kapena kugula nsomba ndi ufa wa nkhomaliro. Kunenerera mtengo n'kololedwa, koma kumbukirani kuti munthuyu akwera phiri limodzi nanu, ndipo m'dzinja alendo amasowa kwa miyezi. Otsogolera ena amaponyera mbuna buledi ndi kuponyera nkhwazi nsomba kuti alendo ajambule. Zithunzi zimatuluka zokongola, koma m'malo otetezedwa nyama siziyenera kuzolowera kudyetsedwa, ndipo mungathe kunena mwaulemu kuti inu simukufuna zimenezo.

Kwa banja lochokera ku Blantyre, Zomba kapena Lilongwe lomwe lili ndi masiku awiri, dongosolo lomwe tingalimbikitse ndi ili. Tsiku lofika, imani pa Mwalawamphini, ndipo madzulo kukazizira yendani m'gombe la mudzi. M'mawa mwake amphamvu anyamuke ndi wotsogolera mbandakucha kukwera kumalo oonera nyanja, ena onse adzuke mosafulumira n'kukakumana nawo pa manda a amishoni cha m'ma 9 koloko, kenako onse apite ku Otter Point kukasambira ndi kudya kamba pamthunzi. Funsani pachipata ngati lisiti ya tsikulo ikukwanira malo onsewa, kuti musalipire kawiri. Magulu a sukulu ndi a mpingo adziwitse ofesi ya paki pasadakhale, agawe ana m'magulu osapitirira khumi pa wamkulu mmodzi, ndipo ana osadziwa kusambira asayandikire m'mphepete mwa miyala ya ku Otter Point, chifukwa pamenepo madzi amazama mwadzidzidzi.